Amama Sakundimva

Galimoto imene ndimayendetsa si yanga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ena mwa inu mumandiona ndikuzungulira pa Katoto chigongono chili pawindo, n'kumati mnyamata zinamuyendera. Ayi ndithu. Ndi ya achimwene anga amene ali ku Cape Town. Ndi Toyota Fielder ya 2013, yoyera, imene anaitanitsa ku Japan pa intaneti. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa muno kudzera pa Songwe, njira imene galimoto zambiri za kuno kumpoto zimadzera. Nthawi imeneyo n'kuti nditakhala pakhomo zaka zitatu ndi digiri yanga ya pa Mzuni, ndikungolemba makalata ofunsira ntchito amene sankayankhidwa. Achimwene anandiimbira n'kunena kuti, "Mphwanga, m'malo momangogona, uziyenda hayala. Ya mafuta uzipeza wekha, yotsala uziwasamalira amama. Koma chinthu chimodzi: amama akaimba, uziyankha."

Amama ali ndi BP komanso shuga. Timakhala awiri ku Ching'ambo, m'nyumba imene anatisiyira malemu abambo, ndipo ine ndikachoka m'mawa iwo amatsala okha. Kwawo ndi ku Rumphi, abambo anali a ku Dowa, choncho pakhomo pathu nkhani wamba timakamba m'Chichewa, koma akakwiya, akachita mantha kapena akagwira foni, chimatuluka ndi Chitumbuka. Lamulo la achimwene lija linali ndi chifukwa chake. Tsiku lina shuga anawatsikira ali okha, ndipo anawapeza ali gone pakhonde ndi mayi woyandikana nafe amene anabwera kudzapempha mchere.

Galimoto ija inabwera ndi munthu wake. Ukangoiliza, pansi pa chiwongolero pankamveka mawu a mayi wa ku Japan, aulemu kwambiri, ngati akupepesa. Patapita miyezi ndinadzadziwa kuti ndi kabokosi ka ETC, kolipirira misewu ikuluikulu ya kwawoko osaima pa geti, ndipo mayiyo ankangodandaula kuti simunalowetse khadi. Kuno kalibe ntchito. Pa Chingeni ndi pa Kalinyeke umaima n'kulipira kwa munthu wa pawindo. Koma amama anamuzolowera. Lamlungu popita kutchalitchi, iye akalankhula, iwo ankayankha kuti, "Tawuka makora, kwali imwe," kenako n'kumanga lamba.

Wailesi ndiye inali mutu waching'alang'ala. Zolemba zonse m'Chijapani. Wotchi yake inkatsogola ndi maola 7, nthawi ya ku Tokyo, moti ndikamakatenga kasitomala 6 koloko m'mawa iyo inkati ndi 1 koloko masana. Mapu ake ankandionetsa ndili pakati pa nyanja, kadontho kofiira m'madzi okhaokha, pomwe ndili pa mzere wa mafuta ku Luwinga. FM inkathera pa 90, chifukwa mawailesi a m'galimoto za ku Japan za zaka zimenezo amayambira pa 76 n'kulekeza pomwepo, pomwe athu kuno amayambira pa 87.5 mpaka 108. Ndiye kuti nyumba zambiri zoulutsa mawu zinali kunja kwa mpanda. Ena amaika kachipangizo kotchedwa expander kamene kamakankha manambala, iwe n'kumatchera pa 80-chakuti koma ukumva wailesi ya pa 90-chakuti. Ine ndinangozisiya.

Chinthu chimodzi chokha chinkagwira ntchito popanda chilema: foni. Usiku wina ndinakhala m'galimoto ndi Google Translate, kuloza kamera pa sikirini, mzere ndi mzere, mpaka Bluetooth inagwira. Kuyambira tsiku limenelo foni ikaitana inkalira m'masipika, ine n'kungodina kabatani ka pa chiwongolero ndi chala chachikulu, manja onse ali pomwepo, maso ali pamsewu. Woimbayo ankandimva bwinobwino, ngakhale ndili pa zigumugumu za kwathu kuno magalasi akunjenjemera. Sindinadzifunsepo kuti mawu angawo ankalowera pati. Zinkangotheka basi. Ndipo kwa munthu wa hayala foni ndiye ofesi. Kasitomala akaimba kawiri osayankhidwa amaimbira wina, ndipo nambala ya winayo ndi imene amaisunga.

Nanga ndinaichotseranji? Yankho la achimwene ndinalikonzeratu: nkhani za pa Zodiak sindikuzimva, makasitomala amafuna nyimbo, wotchi ikusokoneza. Zonsezo n'zoona, koma si zimene zinandituma. Chinandituma ndi mnzanga amene tinali naye kalasi imodzi, pano ali ku bungwe lina ku Lilongwe. Anabwera ku ukwati, ine ndinakamutenga pa depoti. Atakhala kutsogolo n'kuyang'ana zilembo zija, anaseka n'kuti, "Aise, mpaka pano ukuphunzirabe? Masters yake ndi ya Chijapani?" Sanalankhule mwachipongwe, ndipo ndinaseka naye. Atatsika anandipatsa ndalama yoposa imene ndinatchula n'kuti chenji ndisunge. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Sabata isanathe ndinali nditaima pa kashopu kena m'tauni, ndikuyang'ana wailesi ya Android ya sikirini ya mainchesi 9, yowala ngati TV ya m'bala.

Mtengo wake unali wa maulendo a ku Nkhata Bay a milungu itatu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja mtengo wake umakwera ukuona, ndipo mwinishopu anandiuza kuti ndikabwera mawa ndidzaupeza wina. Kenako anati ndikawasiyira yakaleyo andichotserako pang'ono. Ndinavomera ndisanaganize kuti yakaleyo si yanga.

Mnyamata wa pashopupo anaiika pansi pa mtengo, mphindi zosakwana 40. Mapulagi a galimoto sankalowa ku wailesi yatsopano, ndiye anatulutsa pulayasi n'kuwadula. Nditamva kulira kwa pulayasi ija mtima unandiuza kanthu, koma anthu anali atazungulira kale kudzaona sikirini. Analumikiza mawaya a moto ndi a masipika, kupota ndi zala, kukulunga ndi tepi yakuda. Otsala, opyapyala ngati ulusi, anawapinda pamodzi n'kuwakankhira mkati mwa dashibodi.

"Nanga awo?" ndinafunsa.

"Awo ndi a Chijapani, abigi. Kuno sagwira ntchito."

Ine wa digiri ndinagwedeza mutu. Ndikuliza galimoto pochoka, mayi wa ETC uja sanalankhule, ndipo ndinaona ngati ndi bonasi.

Masiku awiri oyamba ndinali mfumu. Pa mzere wa mafuta madalaivala anzanga ankadzazana m'galimoto kuonera mpira. Amama atangoiona anati, "Chikomekome cha mkuyu," osamaliza n'komwe, n'kufunsa kuti mtsikana wa moni uja wapita kuti. Tsiku lachitatu anaimba ndili pa msewu wa ku Ekwendeni. Ndinadina batani la pa chiwongolero, zii. Ndinadinanso, zii. Ndinatambasula dzanja kupita pa sikirini, ndipo pamenepo ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizire pogula: batani chala chimalipeza chokha, koma galasi ndi losalala ponseponse, umayenera kuliyang'ana kaye.

"Halo, amama."

"Halo? Uli nkhu? Nkhukupulika yayi."

Ndinakweza mawu. Ndinakuwa.

"Iwe, uli mu bala?"

Mayiki ya wailesi yatsopano inali kabowo kakang'ono ngati ka singano pakona pa sikirini, pafupi ndi potulukira mphepo ya fani. Inkatola fani, injini, miyala ya pansi, chifuwa cha pasenjala, mawu anga pomalizira. Aliyense ankati ndikumveka ngati ndili m'diramu. Kamera yoonera kumbuyo pobwerera nayonso inali itazima. Mayi wina amene ndinkawanyamula Lachisanu lililonse anandiuza mwaulemu kuti, "Achimwene, foni yanuyo mukonze," ndipo Lachisanu lotsatira sanaimbe. Nditabwerera ku shopu kuja kukafunsa wailesi yakale, anati inapita kalekale.

Ndiye ndinabwerera ku zimene madalaivala ambiri timachita: foni paphewa, khosi litapindika, ukaona yunifolomu patsogolo n'kuigwetsera pamiyendo. Tonse timadziwa kuti ndi mlandu. Tonse timati ndi kamphindi chabe.

Linali tsiku la mu July, ndikukwera kuchokera ku Nkhata Bay. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa mmene umakhotera ukayamba mapiri, ndi mmene chifunga chimatsikira mosachenjeza nyengo yozizira. Kunali mvula yamawawa. Kumbuyo kunali mayi ndi mwana wa zaka ngati zinayi, kutsogolo bambo wina atagona. Foni inalira m'thumba, poti Bluetooth ndinali nditaithimitsa chifukwa cha manyazi a m'diramu aja. Ndinaisiya. Inaliranso. Ndinaisiya. Italira kachitatu, khonde lija linabwera m'maso mwanga, amama ali gone, chitenje chitakwinyika. Amama saimba katatu.

Ndinaitulutsa n'kuyang'ana pansi. Mwina masekondi awiri. Kunyumba ndinadzawerengetsa: pa liwiro la 60, galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, ndiye masekondi awiri ndi mamita opitirira 30, utali wa nyumba zingapo za ku Ching'ambo, ndili wakhungu. Nditadzutsa maso panali njinga, matumba atatu a makala atapingasa, munthu akuikankha pakona. Ndinakhotetsa. Galasi la m'mbali linamenya thumba, njinga inagwera m'udzu pamodzi ndi mwiniwake, galimoto inakaima itapingasa pakati pa msewu. Kukanakhala lole yotsika, bwenzi nkhaniyi akulemba ndi ena.

Bamboyo anadzuka, bondo likutuluka magazi pang'ono. Sanatukwane. Anangoyamba kutola makala ake m'matope, ndipo ine ndinagwada n'kumatola nawo, manja akunjenjemera moti ena ankandipulumuka. Ndinawapatsa ndalama yonse ya tsikulo. Nditabwerera m'galimoto munali zii. Kenako mayi uja, mwana atamukumbatira pachifuwa, analankhula motsitsa kwambiri: "Achimwene, ine mwana ndili naye ndi yekhayu."

Ndinaimika bwinobwino pambali n'kuwaimbira amama. Ankafuna kudziwa ngati ndadutsa kale pa msika, kuti ndiwagulire batala.

Madzulo amenewo ndinawakalipira, koyamba chibadwire. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Nanga ine ndikanadziwa bwanji kuti uli pakona?" Ndinasowa chonena. Inenso ndikanadziwa bwanji kuti ndi nsomba? Foni ya batala ndi foni ya pakhonde zimalira mofanana.

Dalaivala mnzanga ndi amene anandilozera kwa madala ena a zamagetsi a galimoto ku Chiputula. Kashedi ka malata, mabatire akufa atasanjidwa ngati mipando, paliponse ma alternator. Anagwirapo ntchito zaka zambiri m'magalaji a ku Johannesburg, ndipo amalankhula akugwira ntchito, osakuyang'ana. Atazula wailesi n'kuona mtolo wa tepi uja, anapuma kaye.

"Opaleshoni iyi anachita ndi chikwanje. Mumagwira ntchito yanji, adada?"

Ndinawauza zonse, mpaka za digiri. Kuyambira pamenepo dzina langa linakhala "a digiri".

Anandiuza kuti chimene ine ndinkachiona ngati chinthu chimodzi, kuyankha foni osaigwira, zinali zinthu zingapo zogwirizana, ndipo chilichonse chinali ndi tsoka lake. Bluetooth yeniyeniyo inali m'mimba mwa wailesi yakale. "Imeneyo iwalani, maliro anachitika. Yatsopanoyi ili ndi yake." Koma mabatani sanapite kulikonse. Anapeza mawaya atatu mu mtolo wopindidwa uja, anaika mita yawo, n'kundiuza kuti ndidine. Ndinadina lokwezera mawu, nambala inasintha. Ndinadina loyankhira foni, inasinthanso, ina. Ndinadina onse kawirikawiri ngati mwana. Miyezi yonse ija mabatani anali amoyo, akulankhula mumdima wa m'dashibodi popanda womva.

Mulibe nzeru zambiri m'mabatani amenewa, anatero. Kuseri kwa lililonse kuli ka resistor ka mlingo wakewake. Ukadina, mphamvu ya magetsi pa waya imasintha, wailesi n'kudziwa kuti ladinidwa ndi liti. Mawaya awiri amanyamula uthengawo, lachitatu ndi la efi. Anatembenuza wailesi yanga yonyadira ija n'kundionetsa mawaya awiri olembedwa KEY1 ndi KEY2, nsonga zake zili chitsekere kuchokera ku fakitale. Anali pomwepo tsiku lonse lija pansi pa mtengo. Anawalumikiza ndi soda, osati kupota ndi zala, kenako tinalowa m'masetin'gi momwe wailesi imaphunzitsidwa: umadina batani osalisiya, n'kuiuza kuti ili ndi loyankhira, ili ndi lodulira. Anati ndili ndi mwayi. Galimoto zambiri zatsopano mabatani ake amadzera mu kompyuta, pa njira yotchedwa CAN bus, ndipo pamenepo pamafunika kabokosi komasulira kogwirizana ndi mtundu wa galimotoyo. "Kukanakhala kumeneko, a digiri, bwenzi mukulira."

Kupeza mawaya oyenera sikunali kophweka monga ndalembera apa. Mapulagi akanakhalapo, bwenzi tikungowerenga mabowo, ndipo pali zingwe zogulitsa zimene mbali imodzi imalowa ku pulagi ya Toyota, inayo ku wailesi yatsopano, osadula kanthu. Koma ife tinatsala ndi mitundu ya mawaya basi. Ine ndinakhala pa batire lakufa ndikufufuza zithunzi za mawaya a Fielder pa masamba a Chijapani, kumasulira ndi foni, n'kumawawerengera. Iwo ankatsimikiza ndi mita asanakhulupirire chilichonse chimene ndanena. Kawiri konse intaneti inanama, mita inanena zoona. Dzanja langa litayandikira pulagi ina yachikasu pansi pa chiwongolero, analimenya ngati la mwana wofuna kugwira moto. Zachikasu ndi za airbag, sizigwidwa.

Kenako anafunsa, "Mukudziwa kumene mawu anu ankalowera?"

Ndinaloza pamene panali wailesi yakale. Anaseka. Anatenga kasipanala kapulasitiki n'kutsegula kudenga, pamene pali timagetsi towerengera. Pali timing'alu tingapo pamenepo timene ndinkaganiza kuti ndi tokongoletsa. Kuseri kwake kunali kamayiki, kochepa ngati njere ya chimanga, katakhala pa kabolodi kake. Zaka ziwiri ndikulankhula ndi denga osadziwa. Munthu wina ku Japan anakhala pansi n'kuganiza kuti pakamwa pa dalaivala pamaloza kuti, fani ili kuti, masipika ali kuti, n'kusankha malo amenewo. Ine ndinazitaya zonsezo chifukwa cha nthabwala ya mnzanga.

Vuto linali lakuti kamayiki ka fakitale kali ndi kokuzira mawu kakekake, ndipo kankalandira ma volt 5 kuchokera ku wailesi yakale. Yatsopanoyi imayembekeza mayiki wamba, yolowetsa pa kabowo ngati ka mahedifoni. Ukazilumikiza mwachindunji umapeza zii, kapena phokoso long'aluka. Zipangizo zoyanjanitsa ziwirizi zilipo, koma n'zoitanitsa kunja, ndipo aliyense amene anayesapo kugula kanthu ndi madola masiku ano akudziwa kuti nkhani imeneyo imathera pa kauntala ya banki.

"Mu katoni ya wailesi munalibe kamayiki ka chingwe chachitali?"

Katoni ndinaikumbuka. Amama anaitenga tsiku lomwelo chifukwa inali yolimba, ndipo amasungiramo mankhwala ndi kabuku ka kuchipatala. Ndinakwera sacramento mpaka ku Ching'ambo. Pansi pa mapaketi a mapilitsi, mu kapepala kapulasitiki kosatsegula, kanali komweko.

Madala anachotsa kamayiki ka Chijapani mosamala, anakakulunga n'kundipatsa. "Musataye. Ndi ka achimwene anu." Katsopano anakaika pamalo omwewo, kuseri kwa timing'alu tija, atakatchinjiriza ndi kasiponji kuti kasamagunde pulasitiki. Chingwe anachidutsitsa m'denga, kutsikira pa nsanamira ya galasi lakutsogolo, kutali ndi mawaya a moto kuti chisatole kulira kwa injini. Titayesa, ndinkamveka kawiri, ngati m'tchalitchi mopanda anthu. Anati mawailesi ena a mtunduwu sathimitsa kamayiki ka pa sikirini ngakhale walowetsa kena, ndiye tiwiri timamvera limodzi. Anatsegula nkhope ya wailesi n'kukadula. Kamera nayo inali yamoyo: za Toyota zimadya ma volt 6, ndipo ulesi wa mnyamata uja unaipulumutsa, chifukwa akanaipatsa 12 bwenzi itapsa.

Tinayamba 9 koloko, tinamaliza cha m'ma 4. Ndalama imene anatchula inali yochepa kuyerekeza ndi imene ndinapatsa bambo wa makala.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene sichindikomera. Nditayamba kuwerenga za nkhaniyi ndinapeza kuti bungwe la World Health Organization limati dalaivala amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pa chiopsezo cha ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwiritsa ntchito, ndipo limawonjezera kuti kulankhula osaigwira sikuchepetsa chiopsezocho kwenikweni. Maso akhoza kukhala pamsewu mutu uli ku Ching'ambo. Ndikuvomereza, ndipo ndaziona ndekha: pali makona amene sindikumbuka kuti ndinawadutsa bwanji chifukwa ndinali pakati pa kukambirana mtengo. Koma ndinamizenso ndani kuti ndingathimitse foni tsiku lonse? Chimene ndinachita n'chakuti ndinapangana ndi amama. Ndikayankha, mawu awo oyamba azikhala akuti ali bwino kapena ayi. Akati ali bwino, ndimati ndikuimbirani ndikaima, n'kudula ndi chala chachikulu. Makasitomala ndimawauza kuti ndili pamsewu, anene malo ndi nthawi basi. Sabata yoyamba amama anakhumudwa, amati ndikuwayankha ngati a ku ofesi. Pano anazolowera, amangoyamba ndi "Nili makora," kenako n'kuyesabe kulowetsa nkhani ya tomato.

Panatsala batani limodzi, lojambulidwa nkhope ya munthu akulankhula. Pa wailesi yakale ndinalidinapo kamodzi, mawu a Chijapani anandifunsa kanthu, ndinayankha m'Chingerezi, anandifunsanso, ndinalisiya. Linkamva Chijapani chokha. Madala analiphunzitsa kuti lizidzutsa Google Assistant, ndipo ndinasangalala kuti tsopano ndiziimba foni ndi pakamwa pokha. Ndinadina n'kunena m'Chingerezi changa chabwino cha pa Mzuni kuti iwaimbire Amama. Inandiyankha kuti sinapeze dzinalo. Ndinabwereza pang'onopang'ono. Inayamba kuimbira mtsikana wina amene tinasiyana chaka chachitatu ku koleji, amene dzina lake limamveka chapafupi. Ndinadula foni isanalire kawiri, madala akuseka mpaka kutsokomola.

Ndinayesa mayina ena. Achingerezi inkawamva msanga. A makasitomala anga, a Chitumbuka, a Chitonga, a Chinkhonde, inkangowaphonya kapena kuwasandutsa mawu ena. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, Chitumbuka anachiwonjezera mu 2024. Koma khutu la Google Assistant linali lisanafike kwathu. Njira imene aliyense amakuuza ndi yosintha mayina mu foni kuti agwirizane ndi khutu limenelo. Ndinatero. Ndinafufuta "Amama" n'kulemba "Mother". Zinatheka nthawi yomweyo.

Zinakhala choncho masiku anayi. Tsiku lachisanu foni inalira ndili pa Chibavi, sikirini yonse ya mainchesi 9 inalemba kuti Mother, ndipo kwa kamphindi sindinadziwe kuti ndi ndani. Sindinawatchulepo choncho chibadwire. Ndi mawu a pa fomu, pamzere umene umalemba dzina la kholo. Madzulo ndinabweza "Amama". Ndiponso, nditaganiza bwino, ine sindiwaimbira ndikuyendetsa. Amaimba ndi iwo, ndipo batani loyankhira silifunsa dzina.

Tisanatseke dashibodi tsiku lija, madala ananyamula waya lina lofiira n'kufunsa ngati alumikize. Linali la ETC. "Kalibe ntchito kuno, kamangolongolola." Ndinati alumikize. Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo, kenako anatenga soda.

Nditafika pakhomo ndinaima kunja kwa mpanda, injini ikulira, fani nditaitsegula yonse, n'kuwaimbira amama ali kukhitchini.

"Amama, mukunipulika?"

"Nkhukupulika makora. Ukuchemerezga vichi?"

Ndinali ndikukuwabe, chizolowezi cha miyezi itatu.

Lamlungu lotsatira mayi wa ku Japan anadandaula za khadi lake monga kale, amama anamuyankha moni wake n'kumufunsa kuti anali kuti masiku onsewa.

Achimwene akubwera pa Khirisimasi. Za wailesi yawo sindinawauzebe, za makala ndiye kaya. Kamayiki kawo kali mu kabati ya kutsogolo, mu envelopu yakhaki imene inatsala pa makalata ofunsira ntchito aja. Dzulo anaimba ndikutsika ku Zolozolo, tinacheza pang'ono za mafuta ndi za shuga wa amama. Asanadule anati, "Koma ukumveka bwino bwanji, ngati uli pompano. Galimoto za ku Japan izi, aise, sizigwidwagwidwa."

Ndinati eya, n'kuwauza kuti ndiwaimbira ndikaima.